Nsalu ya pa Zenera la Lettie

Achemwali anga a Esteri anthu amawakumbukira zinthu ziwiri: kalongonda ndi nsalu ya pazenera. Za kalongonda palibe wotsutsa. Ankamuphika tsiku lathunthu, kutaya madzi kangapo, moti ngakhale aja ankatiseka kuti Alomwe timadya nyemba zakupha ankazembera kuseri kwa nyumba atabisa kambale m'nsalu. Koma za nsalu ya pazenerayo anthu amakamba zokhotakhota, ndipo zimandinyansa. Ena amati anali mayi wolekerera mwana, ena amati anali wabodza. Ine ndinalipo. Ndine Edna, mng'ono wawo, ndipo pa anthu amene anawononga zinthu, woyamba ndine.

Tinafika kuno ku Mulanje m'chaka cha 1899, kuchokera kwa Apwitikizi, tikuthawa asilikali amene ankagwira anthu m'midzi kukawagwiritsa ntchito yakalavulagaga. Ine ndinali kamtsikana. Achemwali anali atabereka kumsana khanda la miyezi inayi, ndiye Lettie ameneyo. Ana awo awiri aakulu anatsala m'njira, wina ndi kutsegula m'mimba, winayo sitidziwa n'komwe chimene chinamutenga, anangogona osadzukanso. Chifikireni kuno achemwali sanaberekenso. Ndiye mukamamva nkhaniyi muzikumbukira kuti Lettie anali mmodzi yekhayo, ngati diso la nkhwangwa.

Tinakhala pamalo a mzungu kufupi ndi Likhubula, tikulipira malowo ndi thangata, kutanthauza kuti miyezi ina timakalima m'munda mwa mzungu m'malo molima mwathu. Achemwali anali munthu wosalankhulalankhula, wamfupi, wa mphini kumaso, woyenda chowerama ngati wataya singano. Kumunda ankayamba ndi iwo kufika. Amuna awo, alamu anga a Pilato, anaphunzira ukalipentala ku mishoni, ndipo tonse tinabatizidwa n'kulandira mayina amene mukuwamvawa. Alamu anali munthu wabwino, koma wokonda kuoneka. Anamanga nyumba ya zidina, yoyamba m'mudzi monse, n'kugawa chipinda cha Lettie payekha chifukwa ankati mwana wa Mkhristu sagona ku gowelo ndi atsikana anzake. Pachipindapo anaboola zenera. Galasi panalibe, linali bowo chabe lokhala ndi matabwa m'mbali, loyang'ana njira yopita kumtsinje.

Achemwali zenera sanalikonde. Anati, "Nyumba ili ndi khomo, bowo linalo n'lachiyani? Kwathu asilikali ankasuzumira pa ming'alu, ife tikuwaboolera tokha." Koma anangonena kamodzi, basi.

Ine nthawi imeneyo ndinkachapa zovala kwa dona, mkazi wa mzungu uja, ndipo matama anali tho. Ndinkaona dona m'mawa uliwonse akukokera pambali nsalu za pamazenera, akuti mpweya wabwino ulowe, akuti mdima umasunga matenda. Ineyo n'kuzitenga ngati uthenga wa m'Baibulo. Ndinagula nsalu ya biriwita, n'kuisokerera pa chingwe, n'kukaipachika pa zenera la Lettie. Ndinamuphunzitsa kuti tambala akalira komaliza azikokera pambali, dzuwa likalowa azitseka. Kumtsinje ndinkalalikira amayi anzanga za mpweya wabwino mpaka ena ankandipatsa dzina loti Dona Wakuda. Lettie anatsatira lamuloli zaka ziwiri osaphonya.

M'chaka cha 1913, m'nyengo yotentha, ali ndi zaka khumi ndi zinayi, analeka. Nsalu ija inkangokhala chitsekere usana wonse.

Ndikuuzeni pompano chimene ine sindinkachidziwa. Lettie anali atatuluka banga paphewa, lofiirira, lokwera m'khosi kulowera kuseri kwa khutu. Mumdima silinkaoneka, koma padzuwa linkaonekera patali. Achemwali analizindikira tsiku loyamba lomwe, pakuti amalume athu kwathu kuja anayamba chimodzimodzi. Linali khate. Ndipo m'mudzi mwathu munthu wakhate sankakhala pakati pa anthu. Ankamumangira kakhumbi kutsidya kwa mtsinje, yekhayekha, mpaka imfa. Achemwali anatsimikiza mumtima kuti mwana wawo kutsidyako sapitako.

Ine ndinkangoona ulesi. Ndikamapita kuntchito ndinkaima pazenera n'kumakalipa.

"Iwe Lettie, dzuwa lafika pamutu, ukufungatira mazira m'menemo?"

"Mutu ukundipweteka, amayi aang'ono," ankayankha choncho ali mkati.

Alamu nawo anayamba kudandaula kuti nyumba ya Mkhristu ikuoneka ngati muli maliro. Achemwali ankangoti musiyeni mwana, akukula. Ine kumva zimenezo, mtima kuwira. Ndinakazitula kumtsinje, pakati pa amayi onse: kuti mtsikana wamkulu akubindikira mumdima, kuti sakusambanso ndi anzake, kuti akatuluka akumadzifunditsa nsalu mpaka m'makutu kunja kukutentha chonchi, ndipo mayi ake akungoyang'ana. Pakamwa panga, abale! Amayi aja ankangotsinana, ine n'kumayesa kuti akugwirizana nane za mpweya wabwino.

Tsiku lina m'mawa ndinalowa m'chipindamo osaodira, n'kukoka nsalu ija mwaukali mpaka chingwe chinaduka. Lettie anali atakhala pamphasa, nsalu ili m'chiuno, mayi ake akumupaka china chake paphewa. Kuwala kunagwera pomwepo. Achemwali sanadzidzimuke. Anadzuka, n'kumangiriranso chingwe chija, n'kusiya kampata kakang'ono. Kenaka anasolola singano pa duku lawo.

"Bwera uone, iwe wodziwa za matenda," anatero.

Anabaya pabanga paja mpaka kadontho ka magazi kanatuluka. Lettie sanaphethire n'komwe, ankangoyang'ana khoma. Anabaya pambali pang'ono, pakhungu labwino, mwana n'kudumpha. Ndinangokhala pansi. Ndinachita mantha, ndipo sindibisa, mantha oyamba sanali a Lettie ayi. Ndinkawerenga masiku amene ndinadya naye mbale imodzi.

"Alamu akudziwa?" ndinafunsa.

"Bambo ake sasunga mawu. Akadziwa lero, mawa apempherera mwana mokweza m'tchalitchi. Nawenso susunga mawu, Edna, koma waona kale, ndiye ndichitenso bwanji?"

Kuyambira tsiku limenelo ine amene ndinkalalikira zotsegula ndinasanduka mlonda wa nsalu. Ndikamadutsa ndinkayang'ana ngati mphepo yaikankha. Achemwali ankasakaniza mafuta a nsatsi ndi mwaye n'kumapaka pabangapo kuti lifanane ndi khungu linalo. Pa Sabata Lettie ankapita kutchalitchi atafunda, n'kukhala kumbuyo kwenikweni, ine mbali iyi, mayi ake mbali inayo. Thukuta likayamba kutsika m'khosi mwake, mtima wanga unkagunda ngati ndaba. Nyimbo sindinkazimva. Ndinkangoyang'ana ngati mwaye ukusungunuka. Ndinaonda mwezi umenewo, dona mpaka anandifunsa ngati ndili ndi malungo.

Koma tsoka silinunkha. Mawu anga a kumtsinje aja anali atamera kale. Mtsikana wobindikira, wosasamba ndi anzake, wofunda kukutentha, amayi a m'mudzi anali atapeza kale yankho lawo. Tsiku lina amake Wyson, amene anali mkulu wa amayi kutchalitchi komanso wolangiza atsikana, anawapeza achemwali akusenda chinangwa pakhonde. Ine ndinali pomwepo. Anakhala pansi, n'kutenga mpeni wina kumathandiza, monga amachitira munthu wobwera ndi nkhani yolemera.

"Amake Lettie, tisazungulire. Mwanayu ali ndi pakati?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikane, achemwali n'kundiponda chala. Anasenda chinangwa chimodzi mpaka kumaliza, n'kuchiponya m'madzi.

"Mwaona nokha, ine ndinenenso chiyani," anatero.

Amake Wyson atachoka ndinawalusira. Ndinati mwapenga kodi, mwamuveka mwana manyazi amene sanawachite. Iwo anandiyankha mosakweza mawu kuti wa mimba ya pathengo amamunena chaka chimodzi, kenaka amadya naye. Wakhate samunena n'komwe, amangomuiwala. Nzeru yawo inali yakuti mwezi wawo wa thangata, umene unali utatsala ndi masabata atatu, ukatha, adzanena kuti akupita ndi mwana kwa abale ku Nkando kuti akachirire kumeneko, ndipo akakafika adzapitirira kutali kumene kulibe owadziwa. Kuchoka thangata lisanathe sakanatha, chifukwa kapitawo akanawatsatira, ndipo alamu akanathamangitsidwa pamalopo.

Masabata amenewo anali owawa. Alamu atamva za mimba anakhala masiku awiri osadya. Anasiya kukhala pa benchi la kutsogolo kutchalitchi, benchi loti anakhoma okha. Madzulo aliwonse ankaima pakhomo la chipinda n'kumafunsa kuti mwamunayo ndani, Lettie misozi ili chuchuchu. Tsiku lina mwanayo anandigwira dzanja, ine n'kudziletsa kuti ndisalichotse.

"Amayi aang'ono, abambo akundiyesa hule. Bola ndingowauza."

"Pirira, atsala masiku khumi," ndinatero. Ndikutuluka ndinakasamba m'manja ndi phulusa, mobisa.

Pamene achemwali analakwitsa ndi apa. Kwathu, ngakhalenso kuno, mtsikana akatenga mimba yoyamba amayi aakulu amabwera kudzamulangiza. Amamuvula, kumusambitsa, kumuyeza mimba ndi manja, n'kumuuza zoyenera kusala. Achemwali mwambowu ankaudziwa bwino, koma ankayesa kuti amayi a tchalitchi anausiya, popeza ku mishoni analetsa zinamwali ndi ng'oma zake. Nanenso ndinkayesa choncho. Kunena zoona anasiya ng'oma zokha. M'malo mwake anaikamo nyimbo ya Mulungu ndi pemphero, koma manja anali omwewo.

Anabwera Loweruka m'mawa, patatsala masiku anayi okha. Anali amayi anayi, amake Wyson patsogolo, wina atasenza mtsuko wa madzi ofunda. Amayiwo anawauza alamu kuti apite kokayenda, izi n'za amayi. Achemwali anaima pakhomo n'kunena kuti mwana sakupeza bwino, abwere sabata ya mawa.

"Wa pakati aliyense sapeza bwino, n'chifukwa chake tabwera," anatero amake Wyson, akumwetulira. Sanali munthu wankhanza ayi, anabwera ndi mtima wothandiza. Ankati ngakhale mwana walakwa, asafe pobereka chifukwa chosowa malangizo.

Tinalowa tonse m'kachipinda kaja. Munali mdima, ndipo ndinayamba kudzilimbitsa mtima kuti mwina tipulumuka. Mimba ya miyezi itatu sioneka kwenikweni, mwina angopapasa n'kumapita. Anaimba ndime imodzi, wina n'kupemphera. Lettie ankanjenjemera moti mphasa inkachita phokoso. Kenaka amake Wyson anayang'ana uku ndi uku.

"Koma muno ndiye simukuoneka kanthu. Edna, takoka nsaluyo."

Ndinati mphepo imupweteka mwana. Amayi onse anayi anaseka.

"Iwe amene? Si iwe unatigonthetsa m'makutu kumtsinje kuti mdima umasunga matenda? Dona Wakuda lero waopa mphepo? Takoka, tisachedwe."

Ndinayang'ana achemwali. Iwo ankayang'ana pansi. Ndikanakana kachiwiri akanadziwa kuti pali china, ndikanavomera akanaona okha. Mpaka lero ndimadzifunsa ngati panali mawu ena oti ndikananena, ine amene sindinasowepo chonena chibadwire. Ndinapita pazenera n'kukoka.

Poyamba mwaye uja unagwira ntchito yake. Anamuvula nsalu ya kumtunda, amake Wyson n'kuika manja pamimba, kupapasa, kukanikiza, nkhope n'kuyamba kusintha. Anayang'ana mabere, n'kuyang'ananso mimba. Anati, "Mimbayi ili kuti?" Nthawi yomweyo mayi wa mtsuko uja anali atayamba kale kumuthira madzi kumsana, akutsuka ndi chitsononkho cha chimanga. Madzi anatsika akuda bii. Mayiyo anati kodi mwanayu sasamba, n'kutsukanso mwamphamvu. Kenaka dzanja lake linaima.

Palibe anakuwa. Chitsononkho chija chinagwera pansi. Amayi aja anabwerera m'mbuyo mmodzimmodzi mpaka misana inagunda khoma, manja atawatambasula kutsogolo ngati si awo. Amake Wyson anayang'anitsitsa banga lija nthawi yaitali, kenaka n'kuyang'ana achemwali.

"Esteri, watigwiritsa ndi manja athu," anatero motsitsa. "Ukanangonena."

"Ndikananena mukanatani?"

Yankho lake tonse tinkalidziwa.

Dzuwa lisanafike pamutu mudzi wonse unali pabwalo la alamu, koma chapatali. Akuluakulu anagwirizana msanga, panalibe chokambirana. Anyamata akadule mitengo, kakhumbi kamangidwe kutsidya tsiku lomwelo, mphasa ya mwanayo itenthedwe, mbale yake ndi chikho chake apite nazo. Alamu anabwerera n'kupeza zili choncho. Atamva kuti mimba kulibe nkhope yawo inawala kanthawi kochepa, kenaka atamva chotsatira anakhala pansi pafumbi n'kugwira mutu. Ndinawamvera chisoni, koma ndinawakwiyiranso chifukwa cha kuwala kuja.

Wina anatulutsa chikho cha Lettie atachikola ndi kamtengo, n'kuchiika pakati pa bwalo. Lettie anali ataima pakhonde yekha, akuyang'ana mitengo ya kutsidya. Anafunsa mayi ake kuti kodi kumeneko afisi amafika. Anafunsa ndi mawu aang'ono, ngati mwana wa zaka zisanu.

Achemwali anayenda, chowerama monga mwa masiku onse, n'kutola chikho chija ndi manja. Anatunga madzi mumtsuko wa pakhonde n'kumupatsa Lettie kuti amwe. Mwanayo anamwa pang'ono. Iwo analandira chikhocho, n'kuchitembenuza kuti pakamwa pawo pagwere pomwe panali pakamwa pa mwana, n'kumwa otsalawo onse, anthu akuona. Anapukuta milomo.

"Kakhumbiko mumange ka anthu awiri," anatero.

Mkulu wina anati amake Lettie, inu mulibe banga, musadzitaye. Iwo anati ana awiri anawasiya m'njira chifukwa asilikali anali m'mbuyo, lero m'mbuyo mulibe msilikali. Kenaka anatembenuka n'kundiyang'ana, chikho chili m'manja. Ndinkayesa kuti andipatsa. Sanandipatse. Anangondiuza kuti nkhuku zawo ndizizitsekera madzulo.

Anakhala kutsidyako zaka zisanu ndi miyezi. Analima chinangwa ndi nandolo, ndipo utsi wa kalongonda tinkauona tili kuno. Alamu ankawoloka mobisa kukakonza denga, kenaka anadwala chifuwa n'kumwalira m'chaka chachitatu. Ine Loweruka lililonse ndinkanyamula ufa, mchere ndi sopo wa kwa dona, n'kukaika pa mwala wa m'mbali mwa mtsinje. Tinkalankhulana mokuwa, madzi ali pakati. Lettie ankabwera kudzandipatsa moni, chaka ndi chaka zala zikufupika, koma nthabwala osasiya, ankandifunsa ngati dona akadali ndi mpweya wabwino. Mtsinjewo m'chilimwe madzi ake safika m'mawondo. Sindinawoloke ngakhale kamodzi.

Khate silinamuphe Lettie. Chinamutenga ndi chimfine chachikulu chija chinapululutsa anthu nkhondo ya azungu itangotha. Achemwali anakumba okha manda. Anakhala kumeneko mwezi wina, kenaka amayi aakulu anawayendera thupi lonse padzuwa, osapeza banga ngakhale limodzi, n'kuwalola kubwerera kumudzi. Ndipo mpaka anamwalira ali nkhalamba, khate silinawakhudze.

Tsiku lobwerera anafikira kwa ine, popeza nyumba ya zidina ija inali itagwa. Anali ataonda, imvi zili mbuu, kamtolo kali pamutu. Anakhala pakhonde n'kupempha madzi. Ndinalowa m'nyumba. Pamtsuko panali chikho chimene tinkamwera ine ndi ana anga. Ndinachigwira, n'kuchisiya. Ndinafunafuna mpaka ndinapeza china chakale chong'aluka kukamwa, chimene ndinkatungira madzi a nkhuku. Ndinachitsuka bwinobwino, ngati kutsukako kukanasintha kanthu, n'kuwapatsa nditagwada.

Anachiyang'ana, n'kumwa madzi onse. Anati zikomo, mng'ono wanga. Kenaka anadzuka okha n'kukachivundikira kumapeto kwa khonde, kutali ndi ziwiya zina, kuti ana anga angachitole.